Malata Anayi Amene Banki Inadya

Ana anga, inu mumati atate anu akayamba kusimba za ku banki amathira mchere wambiri. Mutu uno ndaulemba kuti muulawe nokha. Palibe chimene ndawonjeza. Pamene mukayike kafunseni amai anu. Iwo sanandivomerezepo chinthu chiyambire ukwati wathu, ndiye akavomera dziwani kuti n'zoona.

Katete, chaka changa choyamba pa ntchito

Ndinalowa ukalaliki wa ku banki ku Katete ndili ndi buluku limodzi ndi matayi awiri, chifukwa amalume anandiuza kuti munthu wa ku banki amaoneka kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, zinazo zimabisika kuseri kwa kauntala. Banki yathu inali nyumba ya zipinda zitatu m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata. M'chipinda cham'kati munali chibokosi chachitsulo chosungiramo ndalama, cholemera chitseko moti tikachitseka mawindo a ku positi ofesi ankanjenjemera. Tsiku loyamba kuchiona chikutseguka ndinaimirira njo, ngati alowa abusa. Ndalama zimene ndinaona m'menemo, mudzi wathu wonse ukanalima thonje mpaka tsiku lachiweruzo sukanazipeza.

Koma chimene ndinkachiopa kuposa chibokosicho chinali pepala. Ntchito yanga inali ya fikisidi. Munthu ankabweretsa ndalama n'kulonjeza kuti sazikhudza kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, ife n'kumupatsa satifiketi, pepala lolimba la mphepete zobiriwira lolembedwa ndalama zake, tsiku lodzatenga, ndi chiwongoladzanja chimene banki idzaikepo. Tsono masiku amenewo chiwongoladzanjacho sitinkachiganiza ife. Banki yaikulu ya boma ku Lusaka inkatumiza kalata, ife tinkaitcha sekyula, yonena kuti pa fikisidi musapereke kupyola apa. Malire amenewo anali amodzi dziko lonse. Taganizani, ana anga. Munthu mmodzi amene sindinamuonepo, mwina wamfupi ngati ine ndemwe, wakhala pa mpando ku Lusaka, walemba nambala imodzi, ndipo kuyambira ku Livingstone mpaka ku Lundazi makalaliki onse aweramitsa mitu kulemba nambala yomweyo. Ngakhale mvula siigwa mofanana choncho. Mpaka lero ndikaganiza za munthu ameneyo tsitsi limandiimirira, lochepa latsalali.

Manijala wathu anali a Chilufya, Mbemba wa ku migodi, wamtali moti fani ya kudenga inawameta tsitsi la pakati. Dazi lawo linachokera pamenepo, ndinaona ndi maso anga. Pokhala Mbemba ndi ine wa kum'mawa, tinali pa chimbuya, chibale chonyozana moseka: iwo ankandinena kuti ndimadya mbewa, ine ndinkawayankha chamumtima kuti amadya anyani, chifukwa malipiro anga ankasaina ndi iwo. Sekyula ikafika pa basi ankatisonkhanitsa n'kuiwerenga ataimirira.

"Manje mvelani," ankatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Iyi namba ni lamulo. Ukaikapo olo ngwee imodzi pamwamba, ni jele. Iwe Daka, wamvela?"

"Ndamva, bwana."

"Bwelezako. Ba kum'mawa mumamvela na mimba."

Popeza mabanki onse ankapereka nambala imodzi, panalibe chokopera anthu koma mphatso. Mabanki a ku Chipata ankapereka mawotchi a pakhoma. Ife tinkapereka makalenda, mabolopeni, ndipo wobweretsa ndalama zambiri ankalandira ambulera ya mtundu wa banki. Kunjaku zinthu zinali zitasowa. Sopo, shuga, saladi wophikira, misomali, zonse. Ukaona mzere unkayamba waima, kufunsa pambuyo. Ine ndinaimapo theka la tsiku, ndipo nditafika kutsogolo ndinapeza kuti ndi mzere wa sikelo ya ana. Anandiyeza. Mitengo ya zinthu inkakwera usiku anthu ali mtulo, koma nambala ya sekyula inkangokhala phee pamene anaiika.

Katete, chaka chachitatu, thonje litagulidwa

A Nambewe anafika tsiku la msika. Anali mai wamasiye wa zaka ngati makumi anayi, wochokera m'mudzi wina kuseri kwa Mkaika. Anaika thumba la feteleza pa kauntala, m'thumbamo munali chitenje, m'chitenjemo munali mpango, mumpangomo munali ndalama za thonje ndi mtedza za zaka ziwiri. Kumasula mfundo zokha kunatitengera mpaka nthawi ya tiyi.

Nkhani yawo inali iyi. Amuna awo anaumba njerwa, anaziwotcha, anamanga nyumba mpaka pamwamba pa mawindo, n'kumwalira asanafolere. Njerwazo anazimanga ndi dothi, osati simenti, ndiye mvula iliyonse inkanyambita zipupa pang'onopang'ono. Pofolera pankafunika malata makumi atatu. Ndalama zinali zokwana ndendende, koma malata kunalibe, ku Katete kapena ku Chipata. M'masitolo munkangolembedwa mtengo wake pa bolodi, katundu osaoneka.

"Bwanji osangosunga kunyumba, amai?" ndinafunsa, ngakhale funso limenelo silinali m'buku lathu la malamulo.

"A kalaliki, ndalama zikagona m'nyumba zimalira usiku, abale amamva. Uyu kwagwa maliro, uyu mwana amuthamangitsa kusukulu. Ndikufuna poti ngakhale ine mwini ndikalira musandipatse."

"Ndiye mwafika. Fikisidi ya chaka."

"Kwathu mbuzi tikaiikiza kwa munthu, ikabereka timagawana ana. Zanuzi zibereka angati?"

Ndinawaonetsa nambala ndi kuwawerengera kuti ndi makwacha angati. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Wanena ndani kuti ndi amenewa?"

"Boma, amai. Lalamula kuti isapyole apa."

"Boma lalamula mbuzi kuti ibereke angati? Ndiye mbuziyo imamva?"

"Zathu zimamva."

Sanaseke. Nditamaliza kulemba satifiketi ndi kuidinda, anaikankhira kwa ine ndi chala chimodzi.

"Tembenuzani. Kumbuyoko lembani kuti malata makumi atatu. Ine makwacha sindifolera nyumba. Ndakuikizani malata."

Ndinayang'ana m'buku la malamulo la m'mutu mwanga. Za kutsogolo kwa pepala munali malamulo odzaza ngolo, koma za kumbuyo palibe anaziganizira. Ndinachotsa pensulo pa khutu n'kulemba: malata 30. Kenaka, potsata mwambo wa banki, ndinawapatsa ambulera. Mai wopanda denga, banki inamupatsa ambulera. Anaitembenuza uku ndi uku, anati zikomo, n'kuiika m'thumba la feteleza.

Katete, chaka chimene anabadwa Dalitso

A Nambewe anabweranso tsiku lake lenileni, chitseko tisanatsegule. Ndinawerenga ndalama zawo ndi chiwongoladzanja chake pamaso pawo, ndipo mulu unali wokulirapo kuposa umene anabweretsa. Ndinamwetulira monga anatiphunzitsira.

"Zabereka, amai."

"Ndadzera ku sitolo," anatero. "Ndaona pa bolodi. Izi zonse, ndi ana ake omwe, ndi malata makumi awiri ndi asanu ndi limodzi." Anatembenuza satifiketi, n'kuika chala pa pensulo yanga ija. "Anayi apita kuti?"

Ana anga, ine banki inanditumizapo ku kosi ku Lusaka milungu iwiri, kumene mphunzitsi wovala magalasi awiri, ena pamphuno ena pamphumi, anajambula mizere pa bolodi mpaka choko kutha kuti atifotokozere chinthu chomwechi, ndipo tonse tinatuluka osamva. Mai ameneyu anachinena m'mawu atatu. M'banki munangoti zii. Ngakhale fani inaima, koma pamenepo mwina magetsi anathima.

Ndinapempha kuti adikire, ndinalowa kwa a Chilufya. Mwezi umenewo ku likulu ankafuna kuti ndalama za fikisidi zichuluke, ndipo nthambi iliyonse inapatsidwa mulingo wake. A Chilufya anali atandilonjeza kuti tikaukwanitsa adzandilembera kalata yokwezedwa. Amai anu anali ndi pakati pa Dalitso, ndipo tinkakhala m'chipinda chimodzi chaching'ono moti ndikafuna kusintha maganizo ndinkayamba ndatuluka panja.

"Bauze bachite rinyu chaka china," anatero osadzutsa mutu. "Bapatse ambulela ina."

Tsono panali chinthu chimene ndinkachidziwa. Mlungu womwewo ndinali nditataipa kalata ya ngongole ya wamalonda wina, kasitomala wathu, yogulira malata odzaza lole, ndipo loleyo inali kufika Lachinayi m'mawa. Tsiku limene ndinalowa ntchito ndinasaina lumbiro loti za kasitomala sindidzauza munthu, ngakhale mkazi wanga. Lumbiro limenelo ndinkaliona ngati la ubatizo. Kuchokera pa khomo la manijala kufika pa kauntala panali mapazi asanu ndi atatu. Ndinayenda ulendo umenewo nthawi yaitali kuposa wa ku Lusaka pa basi. Ndikawauza a Nambewe achite rinyu, ndalama zigonenso chaka, ndakwezedwa, ndipo zipupa za malemu zilandira mvula ina. Ndikawauza zoona, ndachotsa ndalama m'banki imene ikundidyetsa. Ndikawauza za lole, ndaphwanya lumbiro.

Ndinakhala pansi, ndinatsitsa mawu.

"Amai, pepalali likagonanso chaka kuno, kumbuyoku tidzalemba makumi awiri, kapena kucheperapo. Nambala yathu ndi yomangirira pa chikhomo. Mtengo wa malata suli pa chingwe."

"Ndiye nditani? Ndikafolere ndi makwacha?"

"Ine sindidziwa kanthu. Ndine kalaliki chabe. Koma ndikanakhala inu, Lachinayi ndikanadzuka tambala woyamba, ngolo n'kuiimika pafupi ndi msika."

Dzina la sitolo sindinatchule, ndipo mpaka lero ndimadzitonthoza nazo. Koma masitolo ogulitsa zomangira ku Katete anali awiri, ndipo ina mwa iwo mwini wake anali atatseka kupita kumaliro. A Nambewe anandiyang'ana, anamanga ndalama mumpango, mpango m'chitenje, chitenje m'thumba, n'kutuluka.

Chimene sindinachiwerengere ndi chakuti iwo anali msungichuma wa chigwirizano cha amai ku mpingo kwawo. Lachinayi m'mawa pafupi ndi msika panaima ngolo zochuluka moti ng'ombe zinatseka msewu wa ku Chipata, basi ya ku Lusaka inadikira. Lole itafika, dalaivala sanazimitse n'komwe injini. Malata anatha iye asanatsike. A Nambewe anali woyamba pa mzere, anatenga makumi awiri ndi asanu ndi limodzi awo.

Lolemba lake mzere unali pa banki. Aliyense anagwira satifiketi chotembenuza. "A kalaliki, ndilembereni kumbuyo." Uyu matumba a feteleza, uyu njinga, uyu makina osokera, mkulu wina wa mpingo anati ndilembe ng'ombe yaikazi imodzi ndi mwendo. Ena atamva yankho anatenga ndalama zawo. Mulingo wa likulu unatsala kutali ngati mwezi.

A Chilufya anandiitana, n'kutseka chitseko.

"Daka, wadya mbewa zingati lelo?"

Anakhala pansi, n'kupukuta dazi ndi mpango.

"Uganiza ine sinidziwa vimene bakamba baja amai? Nidziwa. Manje nikufunse. Uja wa sitolo, ngongole yake tinamupatsa pa intalesiti yochepa. Ndalama tinazichotsa kuti?"

"M'chibokosi, bwana."

"M'chibokosi zinalowa bwanji? Ni za baja amai. Ise tibapatsa pang'ono, kuti tikongoze benangu motchipa. Boma ifuna so, kuti ba bizinesi na balimi bapeze ngongole. Malata yao folo siyanasowe, Daka. Yenze pa lole ija."

Apa ndipo ndinazizwa kwenikweni. Nambala imodzi ya munthu wa ku Lusaka uja inanyamula malata anayi pa nyumba ya mai wamasiye kuseri kwa Mkaika, n'kukawaika m'thumba la wamalonda, popanda wakuba, popanda ngolo, aliyense akumwetulira ndi kunena zikomo. Ndinkaganiza kuti za kutamba zili kumudzi kokha.

Za lole a Chilufya anazidziwa, koma m'lipoti sanazilembe. Akanalemba, bwenzi inu mutakulira m'munda wa thonje. Analemba kuti ndimacheza kwambiri ndi makasitomala, ndipo ndikufunika malo achete. Kalata yokwezedwa, imene anali atailemberatu, anaing'amba pamaso panga. Ndikutuluka anandiitananso, n'kutulutsa m'dirowa satifiketi ya amai awo a ku migodi.

"Ukalibe kuyenda," anatero motsitsa mawu, "nilembeleko kumbuyo. Ni masaka yangati ya unga?"

Sinda ndi Vubwi, zaka za Landirova

Malo achetewo anali Sinda, kanthambi ka chipinda chimodzi kumene ine ndinali kalaliki, manijala, ndiponso wosesa. Ndikalakwitsa ndinkadziitana ndekha n'kudzidzudzula. Patapita zaka anandiika pa banki yoyenda, Landirova yonyamula bokosi la ndalama ndi wapolisi mmodzi, yopita ku Vubwi kamodzi pa mwezi. Vubwi nthawi imeneyo sinali boma payokha. Msewu wake unali ndi maenje akuti tinalowa m'limodzi Lachiwiri n'kutulukamo Lachitatu. Alimi a kumeneko ankayenda ndi ndalama za maiko atatu m'matumba atatu, zathu, za ku Malawi ndi za ku Mozambique, ndipo zonse sankazikhulupirira. Ndikawauza za fikisidi ankaloza khola la ng'ombe n'kunena kuti yawo ndi iyo, ndipo imapereka mkaka.

Ndili kumeneko inafika sekyula yomaliza ya mtundu uja, yonena kuti malire achotsedwa, banki iliyonse ipereke monga ifunira. Ndinaiwerenga nditaimirira, ngakhale ndinali ndekha ndi wapolisi. Ndinati tsopano a Nambewe onse a m'dziko apuma. Mabanki anayamba kupikisana, ena atsopano n'kumalonjeza chiwongoladzanja choti mbuzi ibereka ng'ombe. Sipanapite nthawi, ena mwa iwo anatseka zitseko ndalama za anthu zili m'kati. Ndinaona mphunzitsi wopuma ntchito atakhala pa masitepe a banki ina yotsekedwa, satifiketi ili m'manja, nambala yake yokongola kutsogolo, kumbuyo kopanda choti n'kulemba. Pamenepo ndinamvetsa kuti chingwe chija chinkamanga mbuzi kuti isadye, komanso chinkaimanga kuti isagwere m'chitsime. Mukandifunsa kuti chabwino n'chiti, ndikuuzani kuti ndinagwira ntchito pansi pa zonse ziwiri, ndipo pa zonse ziwiri pensulo sindinaichotse pa khutu. Umanijala weniweni sindinaulawe. Ndinapuma ntchito ndili kalaliki wamkulu, ndi matayi khumi ndi limodzi.

Kuseri kwa Mkaika, dzinja lathali

Mukukumbukira tsiku limene ndinapita pa njinga kumaliro a mnzanga wa kwaya, n'kubwera nditanyowa mbali imodzi yokha? Munati ndagwa. Sindinagwe. Pobwerera inandipeza mvula ya madontho akuluakulu ngati mazira a nkhanga, ndipo ndinathawira pa khonde la nyumba ya njerwa ya malata akale ofiirira. Pa denga panali sola, kumbali kunali zipinda zatsopano za simenti. Koma kumapeto kwa khondelo kunali mpata: mitengo ya denga ili mbee, yopanda malata, mvula ikungolowa. Pansi pa mpatawo panali mpando, pa mpandopo mai wokalamba akusenda mtedza m'lichero, ndipo pamwamba pake, yomangirira ku mtengo wa denga ndi luzi, ambulera yotsegula. Nsalu yake inali zigamba zokhazokha, koma chogwirira ndinachizindikira. Ndinapereka zoterozo mazana.

Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku khutu.

"A kalaliki a pensulo," anatero. "Mwakalamba moipa."

"Amai Nambewe! Muli moyo?"

"Ndife bwanji katundu wanga ali kwa eni?"

Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi, anatuluka ndi mpando, n'kundidandaulira. Anati iye ndi alongo ake anagulapo malata kangapo kuti atseke mpatawo, koma mai awo amakana. Amati pamenepo ndi pa malata anayi amene ali ku banki, ndipo ukatseka ndi ena ndiye kuti wavomereza kuti anatayika. Mitengo ya pamenepo yaola n'kusinthidwa katatu.

"Pepala lija munalanda tsiku lotenga ndalama," anatero a Nambewe. "Koma munalemba ndi dzanja lanu. Makumi atatu. Kapena ndikunama?"

"Simukunama, amai."

Ndinakhala pakhondepo mpaka mvula kukata, theka la thupi langa pansi pa malata awo aja, theka pansi pa mpata wa banki. N'chifukwa chake ndinanyowa mbali imodzi. Ndinayang'ana zipupa zija zimene mwamuna wawo anamanga ndi dothi. Zinali chiimire, zowongoka, zouma.

Penshoni yanga mukuidziwa. Ndi yopyapyala moti ikalowa mu foni, foniyo siilira, imangotsokomola. Komabe mwezi wotsatira ndinagula malata anayi ku Katete, ndinalipira ngolo, ndinakwera pamwamba pake nditavala tayi. Amai anu anati ndapenga, kenaka anandisitira shati. Titafika a Nambewe anatuluka ndi ndodo yawo. Anagogoda lata lililonse kuti amve kulira kwake.

"Limodzi. Awiri. Atatu. Anayi." Anaima, n'kusuzumira m'ngolo. "Nanga ana ake? Zaka zonsezi sanabereke?"

Ndinakonza tayi, ndinaimirira njo monga ankachitira a Chilufya.

"Amai, boma linaika malire."

Anaseka mpaka ndodo kugwa, mpaka nkhuku kuthawa pabwalo. Mmisiri atakhoma lata lomaliza, anauza mwana wawo kuti amasule luzi lija. Anaipinda ambulera bwinobwino, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Tengani yanu. Ndafolera."

Ndiyo ili kuseri kwa chitseko chathu, imene mumati nditaye chifukwa ikuchititsa manyazi alendo akabwera. Ndikadzafa gawanani zonse monga mufunira, matayi omwe, koma imeneyo musataye. Pa zaka zonse zimene ndinalembera anthu chiwongoladzanja, changa ndi chimenecho.